Kodi Wamkuru Thupi Ndiye Wamphamvu?

Pali mkangano umene sutha pakati pa amuna a pa migodi ndi a m'matauni, makamaka pa masiku a masewera a nkhonya. Ena ati munthu wamtali ndi wojincha ndiye wamphamvu nthawi zonse, ndipo wamfupi sangathe kuima pamaso pace. Ena akana, nakumbutsa anzao za nyerere imene isenza kambeu kolemera koposa iyo yomwe, cinthu cimene njobvu singathe kucita. Mbali zonse ziwiri ziri ndi coonadi cace, ndipo ndico cifukwa cace mkanganowo ufika usiku wopanda wogonja. Nkhani ya lero iika anthu, akatswiri a masewera ndi nyama za m'thengo pa sikelo imodzi, kuti cioneke cimene kukula kwa thupi kupatsa mwini wace, ndiponso cimene kumlanda.

Miyeso idzachulidwa m'mamita ndi m'makilo. Womvera amene sazolowera manambala akumbukire zinthu ziwiri za pa nyumba: thumba la ufa la makilo 25, ndi citseko cimene utali wace uli pafupi mamita 2.

Lamulo la njerwa

Mmisiri woumba njerwa akafuna kuumba njerwa yaikuru, yoposa ya masiku onse kawiri m'litali, kawiri m'mimba ndi kawiri m'msinkhu, sadzafuna dothi la njerwa ziwiri iai. Adzafuna dothi la njerwa 8. Koma akaiika pansi njerwa yaikuruyo, idzaphimba malo a njerwa 4 zokha. Tsono kulemera kwakula kasanu ndi katatu, koma pansi pace pokhalira pakula kanai kokha, kotero kuti dothi la pansi pa njerwayo lisenza katundu woposa wakale kawiri. Akaikulitsa kakhumi mbali zonse, kulemera kudzakula ka 1,000, koma pokhalira padzakula ka 100 cabe.

Anthu a pa mgodi adziwa kale theka la lamulo limeneli. Mphamvu ya cingwe ca waya cimene cikoka kheji m'shafuti iri m'kunenepa kwace, osati m'kutalika kwace. Cingwe conenepa kawiri cinyamula katundu wocuruka kanai. Koma kucitalikitsa sikucionjezera mphamvu, kungocionjezera kulemera kwace comwe kumene ciyenera kusenza. Comweconso ndi mizati yocirikiza denga la mwala pansi pa nthaka. Mafupa a munthu ndiyo mizati yace, ndi minofu ndiyo zingwe zace. Mphamvu yao itsata kunenepa, koma katundu amene asenza atsata thupi lonse.

Woyamba kulongosola bwino zimenezi anali Galileo wa ku Italy, m'buku limene linasindikizidwa m'caka ca 1638, iye ali nkhalamba ndipo maso ace atayamba kufa. Anajambula mafupa awiri, lina laling'ono, lina lotalika katatu, nasonyeza kuti lalitalilo liyenera kunenepa moipa ndithu kuti ligwire nchito yace monga linzace. Anaonanso kuti kagaru kangathe kubereka agaru anzace awiri kapena atatu pamsana, koma kavalo sangathe kubereka ngakhale kavalo mmodzi.

Lamulo limeneli ligwira munthu molimba. Mwamuna wa msinkhu wa mita 1.70 ndi makilo 65, atakulitsidwa kawiri mbali zonse, akanakhala wa mamita 3.40 ndi makilo 520. Mafupa ace akanalimba kanai, koma akanasenza thupi lolemera kasanu ndi katatu. Cimphona cotere cikanaopsa anthu cikhale pansi. Kuimirira ndi kuyenda kukanakhala kobvuta, ndipo kupunthwa kamodzi kukanathyola mwendo.

Dziko linaona munthu amene anayandikira msinkhu wotere. Robert Wadlow wa m'mudzi wa Alton ku America anabadwa m'caka ca 1918, wa muyeso wa ana ena onse. Koma kanthu kakang'ono kamene kali pansi pa ubongo, kamene kalamulira kukula kwa thupi, kanagwira nchito mopitirira, ndipo mnyamatayo sanaleke kukula. Pomyesa kotsiriza m'caka ca 1940 anali wa mamita 2.72, wolemera makilo 199. Palibe munthu wina woyesedwa ndi madokotala amene anafika pamenepo. Anali munthu wofatsa ndi wokondedwa, koma miyendo yace inalephera katunduyo. Anayenda ndi ndodo ndi zitsulo zocirikiza miyendo, ndipo mapazi ace anamva pang'ono pokha. Citsulo cimodzi cinampweteka pa kakolo iye wosadziwa, cirondaco cinaola, namwalira ali ndi zaka 22. Amene asirira msinkhu wa zimphona aganizire za kakolo kameneko.

Njobvu, nyamalikiti ndi mbewa

Nyama zisonyeza lamuloli poyera, pakuti kusiyana kwa matupi ao nkwakukuru koposa kwa anthu. Gwape, wa makilo osafika 25, ayenda pa timiyendo toonda ngati mabango, nalumpha zitsamba monga afuna. Njobvu yamphongo ifika mamita 3 ndi pang'ono pa phewa, ndi kulemera makilo 6,000, ndiwo matumba a ufa 240. Yaikazi ilemera pafupi theka la pamenepo. Miyendo ya njobvu iima cowongoka pansi pa thupi monga nsanamira za nyumba, ndipo nyamayo siilumpha konse. Ngakhale ikathamanga mwaukali, phazi limodzi likhala liri pansi. Njobvu yaikuru imene inaphedwa ku Angola m'caka ca 1955, imene cikopa cace ciima lero m'nyumba yosungiramo zinthu ku Washington, inali pafupi mamita 4 pa phewa. Pa nyama zonse zoyenda pa mtunda masiku ano, palibe yoposa njobvu ya mu Africa.

Nyamalikiti, imene ena aicha kadyamsonga, inasankha kutalika m'malo mwa kunenepa. Yamphongo ipitirira mamita 5, koma ilemera pafupi makilo 1,200 okha. Mtundu umene uli m'cigwa ca Luangwa supezeka kwina kuli konse pa dziko lapansi. Khosi lace lalitalilo liri ndi mafupa 7, monga khosi la munthu, koma pfupa liri lonse nlalitali zedi. Kutalikako kuipatsa masamba amene nyama zina sizifikira, ndi maso oona mkango uli patali. Mtengo wace ndi uwu: mtima uyenera kukankha mwazi kukwera mamita 2 kuti ufike ku ubongo, ndipo mwaziwo uthamanga m'mitsempha ndi mphamvu yoposa ya munthu kawiri. Pofuna kumwa madzi, nyamalikiti iyenera kutangadza miyendo ya kutsogolo mobvutika, ndipo pa nthawi imeneyo ndi pamene mikango iipeza yopanda pothawira.

Nyama imene inathawa lamuloli inathawira m'madzi. Mvuu, imene yamphongo ilemera makilo 1,500 kapena kuposa, ikhala usana wonse mu mtsinje, kumene madzi aisenzera thupi. M'nyanja zazikuru za mcere muli namgumi, amene wamkuru wace afika mamita 30 ndi kupitirira matani 150, kulemera kwa njobvu zamphongo 25. Nyama yotere singathe kukhalapo pa mtunda. Namgumi akatayidwa pa mcenga ndi mafunde, thupi lace lomwe limpsinja mapapu, nafa.

Nanga nyerere ija? Nzoona kuti isenza katundu woposa thupi lace kakhumi ndi kuposa. Koma cinsinsi cace siciri m'minofu yodabwitsa, ciri m'kucepa. Potsika msinkhu, kulemera kutsika msanga koposa mphamvu, kotero kuti kanyama kakang'ono katsala ndi mphamvu yambiri yosagwira nchito yosenza thupi. Nyerere itakula monga ng'ombe, sikanatha ngakhale kudzutsa mutu wace.

Wasayansi wa ku Britain, J. B. S. Haldane, polemba za nkhani imeneyi m'caka ca 1926, anatenga citsanzo cace ku mgodi. Mbewa ikagwa m'shafuti yakuya, mpweya uigwira ndi kuicedwetsa, popeza khungu lace nlalikuru poyerekeza ndi kulemera kwace. Ikagwera pofewa ingathe kudzuka ndi kuthawa. Munthu alibe mwai wotere. Ali yense wogwira nchito pansi adziwa cimene cicitika kwa munthu wogwa pamenepo, ndipo malamba ocinjiriza sanaikidwe cabe.

Koma kucepa kulinso ndi msonkho wace. Thupi litentha m'kati monse, koma litaya kutenthako pa khungu pokha. Kanyama kakang'ono kali ndi khungu lambiri pa kilo iri yonse, tsono kataya kutentha msanga, ndipo kayenera kudya kosalekeza. Kuli kanyama kena konga mbewa, kolemera magalamu 2 okha, kamene mtima wace ugunda koposa ka 1,000 pa mphindi imodzi, ndipo kadya cakudya coposa thupi lace tsiku liri lonse. Mtima wa njobvu ugunda ka 30 pa mphindi, ndipo makilo 150 a udzu ndi masamba amene idya pa tsiku ndiwo gawo limodzi mwa magawo 40 a thupi lace. Bvuto la njobvu ndi lina: kutentha kusowa poturukira. Makutu ace akuruwo, odzaza ndi mitsempha ya mwazi, ndiwo zopepezera zimene ziziziritsa thupi lonse.

Akatswiri a masewera

Pakati pa anthu, lamuloli lioneka bwino pa masewera onyamula zitsulo, pakuti kumeneko munthu ayesedwa pa sikelo, ndi citsulo ciyesedwanso. Naim Süleymanoğlu wa ku Turkey anali wa mita 1.47, kufupika kwa mwana wa sukulu. Pa masewera a Olympic a ku Seoul m'caka ca 1988, ali m'gulu la makilo 60, anakweza makilo 190 pamwamba pa mutu wace, koposa thupi lace katatu. Lasha Talakhadze wa ku Georgia, wa mita 1.97 ndi makilo pafupi 180, anakweza makilo 267 ku Tashkent m'caka ca 2021. Wamkuruyo ndiye ananyamula zambiri, ndipo pamenepa ocirikiza zimphona apambana mkangano. Koma katundu wace unaposa thupi lace ndi theka lokha. Thupi lacuruka katatu, mphamvu yacuruka osafika ndi kawiri komwe. Galileo akanagwedeza mutu mobvomera.

Othamanga asiyana monga mwa utali wa njira yao. Usain Bolt wa ku Jamaica, amene anathamanga mamita 100 m'masekondi 9.58 ku Berlin m'caka ca 2009, ndi wa mita 1.95 ndipo analemera makilo 94 pa masiku ace a liwiro. Nchito ya masekondi khumi ifuna minofu yambiri, ndipo itha thupi lisanatenthe. Eliud Kipchoge wa ku Kenya, amene anathamanga makilomita 42 m'maora 2 ndi mphindi imodzi ndi masekondi 9 mu mzinda womwewo m'caka ca 2022, ndi wa mita 1.67 ndi makilo 52. Pa ulendo wautali cotere, kilo iri yonse ndi katundu wosenza mpaka kumapeto, ndipo thupi laling'ono litaya kutentha bwino. Pa cifukwa comweco, pa malo otentha a pansi pa mgodi, mwamuna wonenepa kwambiri ndiye afulumira kulefuka ndi cifundizi, pamene mnzace woonda akali kugwira fosholo.

Mpira wa miyendo ulandira matupi a mitundu yonse. Diego Maradona anali wa mita 1.65, ndi Lionel Messi ndi wa mita 1.70, wamfupi atembenuka msanga, ndipo kumgwetsa nkobvuta. Mpira wa manja woponya m'dengu ukonda atali. Komabe m'caka ca 1987 timu ya Washington Bullets inali ndi Manute Bol wa ku Sudan, wa mamita 2.31, pamodzi ndi Muggsy Bogues wa mita 1.60, ndipo wamfupiyo anasewera mpirawo zaka 14 pakati pa zimphona.

Koma mkangano wa m'komboni uli pa nkhonya, ndipo nkhonya ifunika kuilongosola mofatsa. Pamenepa kulemera ndi cida ceni-ceni. Nkhonya ya munthu wolemera ifika ndi thupi lace lonse kumbuyo kwace, ndipo khosi lonenepa lipirira kumenyedwa koposa loonda. Ncifukwa cace omenya nkhonya agawidwa m'magulu monga mwa kulemera kwao, ndipo m'nkhonya za ndalama miyeso yace iwerengedwa m'mapaundi kufikira lero. M'magulu a pansi, malire asiyana ndi mapaundi atatu kapena anai okha, pakuti pa thupi laling'ono kilo imodzi ndi yaikuru. Keith Mwila, amene anabweretsera Zambia mendulo yoyamba ya Olympic ku Los Angeles m'caka ca 1984, anamenya m'gulu la makilo 48. Catherine Phiri, amene anatenga lamba wa WBC ku Mexico m'caka ca 2016 pogonjetsa Yazmin Rivas, anali m'gulu la mapaundi 118, ndiwo makilo 53 ndi theka. Lottie Mwale, amene analanda lamba wa Commonwealth m'caka ca 1979, namenyana ndi Matthew Saad Muhammad ku San Diego m'caka ca 1980 pofuna lamba wa dziko lonse, anali wa gulu la light heavyweight, limene malire ace ndi mapaundi 175, pafupi makilo 79. Kuika Mwila mu bwalo limodzi ndi Mwale sikukanakhala masewera, kukanakhala kupha munthu. Palibe luso limene likanatseka mpata wa makilo 30 pa matupi otere.

Gulu la heavyweight lokha ndilo liribe malire a pamwamba, ndipo m'menemo ndimo muli phunziro lina. M'caka ca 1919, ku Toledo, Jack Dempsey wa mapaundi 187 anakomana ndi Jess Willard wa mapaundi 245 ndi msinkhu wa pafupi mamita 2. Dempsey anamgwetsa kasanu ndi kawiri mu raundi yoyamba yokha. Rocky Marciano, amene analeka nkhonya m'caka ca 1956 atapambana ndeu zace zonse 49, analemera pafupi makilo 84. M'caka ca 2009, ku Nuremberg, David Haye wa makilo 98 anatenga lamba kwa Nikolai Valuev wa ku Russia, wa mamita 2.13 ndi makilo 143. Anasiyana pafupi matumba awiri a ufa, koma cimphonaco cinatha maraundi 12 ciri kumenya mphepo. Ndipo m'caka ca 2024, ku Riyadh, Oleksandr Usyk wa ku Ukraine anagonjetsa Tyson Fury, amene anamposa ndi masentimita 15 ndi makilo 17.

Zimenezi sizitanthauza kuti wamng'ono apambana nthawi zonse. Akuru ambiri anagonjetsa ang'ono, ndipo nkhani zao sizisimbidwa kawiri-kawiri cifukwa sizidabwitsa. Cimene cioneka ndi cakuti munthu akapitirira makilo 90 kapena 100, nkhonya yace yakwana kale kugwetsa mwamuna ali yense. Makilo oonjezera pamenepo aonjezera mphamvu pang'ono, koma acotsa liwiro ndi mpweya wambiri. Mtima umodzi womwewo uyenera kudyetsa thupi lalikuru kufikira raundi yotsiriza.

Anyamata a m'makalabu a nkhonya amve cenjezo limodzi. Popeza kulemera ndi cida, ambiri ayesa kulowa m'gulu la pansi pa thupi lao mwa kudziumitsa: aleka kumwa madzi, nathamanga atabvala zofunda kuti aturutse thukuta. Sikelo inyengedwa ndithu, koma impso ndi ubongo sizinyengedwa. Munthu wouma thupi afooka msanga, ndipo nkhonya ya pamutu impweteka koposa. M'nkhonya za ndalama, oyang'anira ayesa omenyana tsiku limodzi ndeu isanacitike, kuti apeze nthawi ya kumwa ndi kudya. Komabe alipo amene anafa ndi mcitidwe umenewu asanalowe ndi mu bwalo momwe.

Msinkhu wa anthu wamba

Anthu ambiri sali zimphona kapena akatswiri. M'maiko ambiri amuna aposa akazi msinkhu ndi masentimita pafupi 12 kapena 13, koma mitundu isiyana. M'caka ca 2016 asayansi anasonkhanitsa miyeso ya anthu a m'maiko 200 obadwa kuyambira 1896 kufikira 1996. Anapeza kuti amuna atali koposa anali a ku Netherlands, pafupi mita 1.83, ndi afupi koposa anali a ku East Timor, pafupi mita 1.60. Akazi a ku Latvia anafika mita 1.70, ndi a ku Guatemala sanafike mita 1.50. Mu Africa momwemo muli mbali zonse ziwiri: Adinka a ku South Sudan, mtundu wa Manute Bol, achuka ndi kutalika, pamene amuna a mtundu wa Efe, m'nkhalango ya Ituri kumpoto kwa Congo, ambiri safika mita 1.50. Kumeneko ndi kubadwa, ndipo palibe ca manyazi pa mbali iri yonse.

Koma kubadwa sindiko konse. Asilikari a ku Netherlands a m'zaka za m'ma 1860 anali pafupi mita 1.65, adzukulu a adzukulu ao awaposa ndi masentimita pafupi 20. Akazi a ku South Korea anaonjeza masentimita 20 m'zaka 100 zokha. Mwazi wa mtundu susinthika msanga cotere. Cimene cinasinthika ndico cakudya, madzi abwino ndi kucepa kwa matenda a ana. Miyeso yomweyo inasonyezanso cinthu comvetsa cisoni: m'maiko ena a mu Africa, monga Uganda, Niger ndi Sierra Leone, obadwa m'zaka zotsirizazo anali afupi koposa makolo ao.

Za kulemera koyenera munthu wamkuru, madokotala agwiritsa nchito ciwerengero cimene Adolphe Quetelet wa ku Belgium anacipeza m'zaka za m'ma 1830. Acurukitsa msinkhu wa munthu ndi msinkhu womwewo, nagawa makilo ace ndi nambala imeneyo. Yankho la pakati pa 18.5 ndi 25 liyesedwa labwino. Kwa munthu wa mita 1.70, ndiko kuti makilo 54 kufikira 72. Ciwerengeroci cithandiza, koma nca khungu pa cinthu cimodzi: sicisiyanitsa mnofu ndi mafuta. Mike Tyson, wa mita 1.78 ndi makilo pafupi 99 pa masiku a ukatswiri wace, cikanamuyesa wonenepa moopsa. Comweco mwamuna wokumba mwala angapitirire 25 wopanda cobvuta, pamene kalaliki wa mu ofesi wa makilo omwewo asenza mafuta pa mimba, amene aitana nthenda ya shuga ndi ya mtima. Pali muyeso wina wosafuna sikelo. Munthu adule cingwe colingana ndi msinkhu wace, acipinde pakati, nacizungulize m'ciuno pamwamba pang'ono pa mcombo. Nsonga zikalephera kukomana, mafuta acuruka.

Sikelo yofunika koposa zonse ndiyo ya ku kiliniki ya ana. Mwana wobadwa bwino alemera makilo 3 ndi pang'ono, ndi utali wa masentimita 50. Wosafika makilo awiri ndi theka afuna cisamaliro capadera. Pofika caka cimodzi alemera pafupi makilo 9, katatu ka kubadwa kwace, ndi pofika zaka ziwiri afika masentimita 87, ndilo theka la msinkhu umene adzakhala nao atakula. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, WHO, linayesa ana a ku Brazil, Ghana, India, Norway, Oman ndi America, ndipo m'caka ca 2006 linalengeza kuti ana oyamwitsidwa ndi kusamalidwa bwino akula mofanana kufikira zaka zisanu, ngakhale mitundu yao iri yosiyana. Tsono mwana akatsalira kwambiri msinkhu pa zaka zimenezo, cifukwa cace kawiri-kawiri siciri mwa makolo ace afupi, koma m'mbale yace ndi m'matenda amene anadwala. Kafukufuku wa za umoyo wa mu Zambia wa m'caka ca 2018 anapeza kuti ana 35 mwa ana 100 osafika zaka zisanu anali opinimbira. Msinkhu umene utayika mwana asanakwane zaka ziwiri subwerera kawiri-kawiri, ndipo kupinimbirako kukhudza ubongo pamodzi ndi mafupa. Atate ambiri adziwa kulemera kwa womenya nkhonya amene amkonda, koma khadi la sikelo la mwana wao sanalitsegule.

Pamenepanso lamulo la njerwa ligwira nchito. Mwana, monga kanyama kakang'ono kaja, ataya kutentha msanga, ndipo pamwamba pa izo ali kumanga mafupa atsopano. Pa kilo iri yonse ya thupi lace afuna cakudya coposa ca atate wace pafupi kawiri, koma mimba yace ilandira kapu imodzi yokha pa nthawi. Phala la madzi-madzi lidzaza kamimbako lopanda kupatsa thupi zokwanira, ndipo nsima ya kawiri pa tsiku, imene ikwanira mwamuna wocokera ku shifiti, siikwanira mwana wa caka cimodzi. Iye afunika bere la amai wace kufikira zaka ziwiri, ndi kudya katatu kapena kanai pa tsiku pamodzi ndi tina tapakati, phala lace liri lolimba ndi lothiramo nsinjiro za nsawa, kapenta wopera, dzira kapena nyemba zophwanya.